CHETE SI MTENDERE: MLANDU WA AMAI A M'MINDA YA TIYI KU THYOLO

Pali mau amene amamveka kaŵirikaŵiri pa bwalo la mfumu, m'nyumba ya ankhoswe ndiponso pa msonkhano wa akuluakulu a mpingo, makamaka mlandu ukafika poipa. Mau ake ndi akuti: "Tiyeni tisunge mtendere." Ndi mau okoma, ndipo palibe munthu wanzeru amene angadane nawo. Koma ife tapenyetsetsa, ndipo taona kuti mau ameneŵa akalankhulidwa pa mlandu wa munthu wamkazi, tanthauzo lake limasanduka lina. Amatanthauza kuti: "Mai inu, khalani chete." M'nkhani ino tifuna kutsutsa poyera mtendere wa mtundu umenewu. Titengera chitsanzo ku Thyolo, kumene mitundu yambiri ndi zipembedzo zambiri zidakumana m'minda ya tiyi, ndi kumene amai asenza chete ameneyu kwa zaka zambirimbiri.

Dziko limene mitundu idakumana

Amene adayendapo pa mseu wochokera ku Limbe kudzera ku Bvumbwe, kufika pa boma la Thyolo ndi kupitirira mpaka ku Makwasa, sangaiŵale kukongola kwa dzikolo. Tiyi wadzaza zitunda ndi zigwa, wobiriŵira dzinja ndi malimwe omwe, wosalala ngati mphasa yoyalira mlendo. Koma kukongola kumeneku kudamangidwa ndi thukuta la mitundu yambiri. Tiyi adayamba kubzalidwa ku Thyolo m'chaka cha 1908 pa esiteti ya Bandanga. Satemwa adatsegulidwa mu 1923, ndipo maina onga Conforzi, Naming'omba, Makandi ndi Nchima adaloŵa m'kamwa mwa anthu ngati maina a midzi. Azungu adapeza Amang'anja, Ayao ndi Angoni, koma manja ao sadakwane ntchito. Tsono kudabwera Alomwe ambirimbiri ochokera ku Mozambique, othaŵa njala, msonkho ndi ntchito yakalavulagaga ya Apwitikizi. Kudabweranso Asena kuchokera ku chigwa cha Shire. Munthu wofuna pomanga nyumba pa nthaka ya mzungu ankalipira ndi ntchito ya manja ake. Ameneyu ndiye thangata, amene adathetsedwa ndi lamulo la 1962.

Zipembedzo nazonso zidafika motsatana. A Seventh-day Adventist adakhazikika ku Malamulo mu 1902. A CCAP, Akatolika, Asilamu, a Mboni za Yehova ndi mipingo yoyambitsidwa ndi Amalaŵi eni ake, onseŵa ali ndi nyumba zao zopemphereramo m'midzi ndi m'makomboni. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 700,000 m'boma limeneli, ambiri a iwo opanikizana pa timinda totsala m'mphepete mwa maesiteti. Lachisanu ena amapita ku mzikiti, Loŵeruka ena amasunga Sabata, Lamulungu ena amapita ku Misa kapena ku mapemphero a mpingo wao. Koma Lolemba m'mamaŵa, chiperoni chili kunyowetsa msana, onse amaima pa mzere umodzi, dengu kumbuyo, pansi pa kapitao mmodzi. Sikelo sifunsa kuti tiyiyu wathyola ndi Mlomwe kapena Msena.

Ndipo Thyolo amadziŵa mtengo wake wa chete. Kwa zaka zambiri anthu ankang'ung'udza chamumtima za thangata ndi za kusoŵa malo olima, eni minda nkumalembera kwao kuti kuno kuli bata. Mu Ogasiti 1953 kankhani ka malalanje obedwa pa esiteti ya Mangunda kadayatsa moto umene udafalikira m'maboma angapo a chigawo cha kumwera, ndipo anthu 11 adafa. Malalanje sakadapha anthu 11. Chidawapha ndi madandaulo a zaka zambiri amene adasoŵa bwalo lowamvera. Amene amaphunzira mbiri imeneyi ayenera kuchita mantha akaona gulu lina la anthu likuuzidwa lero kuti lisunge pakamwa.

Cholembera cha kapitao

Kuti timvetse za amai, tiyenera kudziŵa m'mene ntchito ya tiyi imayendera. Tiyi amaphuka kwambiri m'nyengo ya mvula, kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo, ndipo pa nthaŵi imeneyi maesiteti a Thyolo ndi Mulanje amalemba anthu pafupifupi 50,000. Ambiri mwa iwo salembedwa ntchito yokhazikika. Amapatsidwa pangano la miyezi yoŵerengeka, likatha amabwerera kumudzi kukadikira ngati adzaitanidwenso. Miyezi yomweyi ndiyonso ya njala, pamene nkhokwe zatha ndipo chimanga cha m'munda sichinache. Amene amaloza woti alembedwe, amene amagaŵa mgwazo, amene amatumiza wina ku munda wa masamba ambiri ndi wina ku munda wokalamba, amene amalemba makilogalamu pa sikelo, ndi kapitao ndi kalaliki, ndipo ochuluka a iwo ndi amuna. Tsono ganizani za mai wa ana anai, amene mwamuna wake adamwalira kapena adaloŵerera ku Joni osatumiza ndi kalata yomwe. Nsima ya ana ake yapachikika pa cholembera cha mwamuna mmodzi. Mwamunayo akati, "Mukandipeze kuseri kwa mabulugamu," mai uja ali ndi mphamvu yanji yokanira?

Sitikunena kuti akapitao onse ndi otero. Ambiri ndi abambo aulemu, amene amagwira ntchito yao moopa Mulungu. Koma dongosolo limene limaika mphamvu yotere m'manja mwa munthu mmodzi, popanda womuyang'anira ndi popanda kumene wolakwiridwa angakadandaule mosaopa, lili ngati kusungitsa mbuzi kwa fisi nkumayembekeza kuti fisiyo ndi wopemphera.

M'chaka cha 2019 amai 36 amene adagwirapo ntchito m'minda ya kampani ya Eastern Produce Malawi, ku Thyolo ndi ku Mulanje, adakasuma ku bwalo lalikulu la milandu ku London. Mothandizidwa ndi maloya a Leigh Day adasumira kampani ya Camellia, kholo la kampani ya kunoyi. Adati akapitao ndi mabwana ena adawagwirira kapena kuwakakamiza zadama kuti asachotsedwe ntchito. Mu Febuluwale 2021 mlandu udatha mwa mgwirizano. Kampani idalipira mapaundi 2.3 miliyoni, kuphatikizapo chipepeso cha amaiwo ndi ndalama za mlandu, koma sidavomere kuti idalakwa. Idalonjezanso kuika amai oyang'anira chitetezo cha amai anzao m'minda, kuphunzitsa amai utsogoleri, ndi kukhazikitsa njira yolandirira madandaulo. Amai enanso 31 a m'minda ya Lujeri adasumira kampani ya PGI ku bwalo lomwelo. Mwa iwo 10 adati adagwiriridwa, ndipo kampaniyo idakana kuti ili ndi mlandu.

Maloya adzatiuza kuti milanduyi idapita ku London chifukwa ndiko kuli eni chuma, ndipo nzoona. Koma funso lathu ndi lina. Pakati pa mzere wa tiyi ndi bwalo la ku London pali makomo ambiri. Pali khomo la nkhoswe, la nyakwaŵa, la gulupu, la mkulu wa limana, la mbusa, la shehe, la wansembe. Kodi amai 67 adadutsa makomo onseŵa osagogoda? Kapena adagogoda, nauzidwa kuti bongololo sadzolera mafuta pagulu? Kapenanso adadziŵiratu yankho, poona zimene zidagwera anzao amene adagogoda iwo asanatero? Mkazi wa kumudzi sathamangira kwa mlendo ngati kwao kuli khutu lomumvera. Mau a amaiŵa adakamveka kutsidya kwa nyanja chifukwa pafupi padali chete, ndipo chete ameneyo ena ankamutcha mtendere.

Lamulo lidalipo kale. Lamulo la 2013 loona za kusasiyanitsa pakati pa amuna ndi akazi limaletsa kuvutitsa munthu ndi zadama, ndipo chilango chake ndi K1,000,000 ndi zaka 5 m'ndende. Mu 2016 bungwe la eni minda, Tea Association of Malawi, lidasainirana pangano loyamba la malipiro ndi kagwiridwe ka ntchito ndi bungwe la antchito la PAWU, ndipo mu 2017 lidatulutsa malamulo ake oletsa nkhanza zotere m'maesiteti. Zonsezi nzabwino ndipo tikuziyamikira. Koma lamulo lilibe miyendo yofikira m'munda palokha. Mai amene akudziŵa kuti akaulula mwamuna wake amusiya, alamu ake amunyoza, ndipo ku tchalitchi azimuloza chala, sadzatsekula pakamwa ngakhale chilango cha wolakwayo chitakhala zaka 50.

Zimene otsutsa amanena

Oyamba kutitsutsa ndi amene amati nkhani ya ufulu wa amai njachilendo, idabwera ndi mabungwe a azungu kudzapasula mabanja. Anthu otereŵa aiŵala mwambo wa makolo ao omwe. Pakati pa Alomwe, Amang'anja ndi Ayao ukwati wofala ngwa chikamwini. Mwamuna ndiye amasamuka kukamanga kwao kwa mkazi, munda umatsata mzere wa amai, ana ndi a kuchikazi, ndipo mlongo wamwamuna amatchedwa mwinimbumba chifukwa udindo wake ndi kuimirira alongo ake akalakwiridwa. Mwinimbumba amene amauza mlongo wake kuti apirire zofuna za kapitao kuti ufa usasoŵe pakhomo, ameneyo ndiye wataya mwambo. Chachilendo pa nthaka ino chidali thangata, ndipo kulipira ntchito ndi thupi ndi thangata yemweyo atavala malaya ena. Mai Rose Chibambo, amene nkhope yao tidaizoloŵera pa ndalama ya K200, adasonkhanitsa amai kulimbana ndi Chitaganya, namangidwa mu 1959 ali ndi khanda m'manja. Amene adawamanga ndiwo adali azungu. Mai Vera Chirwa, loya woyamba wamkazi m'dziko muno, adakhala m'ndende kuyambira 1981 mpaka 1993. Kodi amaiŵa adachita kuphunzitsidwa ndi alendo kuti munthu wamkazi ali ndi liu?

Achiŵiri amati: "Mukaulutsa zimenezi ogula tiyi adzathaŵa, maesiteti adzatsekedwa; nanga ana athu adzadya chiyani?" Mantha ameneŵa tikuwamvetsa, pakuti ntchito ya tiyi ndiyo mpamba wa mabanja ambiri ku Thyolo, ndipo tiyi ndi imodzi mwa mbeu zimene zimabweretsa ndalama zakunja m'dziko muno. Koma chimene chingathaŵitse wogula ndi nkhanza yeniyeniyo. Mai woiulula sadailenge ndiye. Chilonda chobisa ndicho chimanunkha, ndipo chikafika pophulika mankhwala ake amadula, monga makampani adaonera ku London. Ndiponso tifunse inu abambo: ngati ntchito ya mudzi wonse iyenera kugulidwa ndi ulemu wa mkazi mmodzi, ndani mwa inu adzapereke mkazi wake kapena mwana wake wamkazi kuti akhale mtengowo? Nkwapafupi kulalika kupirira pamene wopirirayo ndi mwana wa mnzako.

Achitatu ndiwo oopsa koposa, chifukwa sanena maganizo ao poyera. Iwo amayamba afunsa kuti: "Wolakwayo ngwa kuti? Amapemphera kuti?" Akamva kuti ngwa mtundu wao, kapena kuti ndi mkulu wa mpingo wao, woimba kwaya, wopereka mtulo mosachedwa, mlandu umatembenuka. Amati mkaziyo watumidwa ndi adani. Amati munthu wathu akumuda chifukwa ndi Mlomwe, kapena chifukwa ndi Msena wobwera, kapena chifukwa ndi Msilamu. Motero tchimo la munthu mmodzi limafunditsidwa nsalu ya mtundu wonse, ndipo khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Koma taonani zotsatira zake. Abale a mai wolakwiridwa saiŵala. Sanena kuti, "Uje adalakwira mlongo wathu." Amati, "Anthu a mtundu uja, anthu a mpingo uja, ndi m'mene aliri." Ana amakula akumva mau ameneŵa pa mphasa ya nsima. Nthaŵi ya chisankho ikafika, wandale savutika kufuna nkhuni. Amazipeza zouma kale, iye nkungobwera ndi machesi.

Nchifukwa chake ife tikukana kuti nkhani ya ufulu wa amai ndi nkhani ya mtendere pakati pa mitundu ndi zipembedzo zikhale nkhani ziŵiri, ina yokambidwa pa msonkhano wa amai, ina pa msonkhano wa mafumu ndi atsogoleri a mipingo. Ndi nkhani imodzi. Mlandu uliwonse wa mkazi umene wakwiriridwa pofuna kuteteza "wathu" ndi mbeu ya chidani yobzalidwa pa malire a mitundu iŵiri. Akale adati mlandu suola. Koma tsiku limene Akatolika adzaimirira mai wachisilamu pa mlandu umene wolakwa wake ndi Mkatolika, tsiku limene Alomwe adzaperekeza mai wa Chisena kukasuma mlandu wa Mlomwe mnzao, mudzi umenewo udzakhala utamanga mtendere umene wandale sangaugwetse ndi nsalu za chipani.

Mkangano wa amuna, msana wa amai

Mbiri ya dziko lathu ikuchitira umboni kuti amuna akakangana za ndale kapena za chipembedzo, chikwapu chimagwera pa msana wa amai. Mpingo wa Mboni za Yehova utaletsedwa mu 1967, ndiponso pa chizunzo cha 1972 pamene zikwi za anthu zidathaŵira ku Zambia ndi ku Mozambique chifukwa chokana kugula makadi a chipani, amai ambiri a mpingowo adagwiriridwa ndi anyamata a chipani, ndipo anthu ambiri a mipingo ina adayang'ana kumbali poti ozunzikawo sadali ao. Mu Okutobala 2019, wapolisi ataphedwa pa ziwawa za ku Msundwe pambuyo pa chisankho, amene adalipira adali amai ndi atsikana a ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu. Mu Ogasiti 2020 bwalo lalikulu lidalamula kuti 18 mwa iwo apepesedwe chifukwa cha nkhanza za apolisi, ndipo amene adawasenzera mlanduwo adali maloya achikazi a bungwe la Women Lawyers Association.

Tikumbukirenso mkangano wa hijabu, mpango wa kumutu wa atsikana achisilamu, umene udabuka pa sukulu ya Anglican ya Mmanga ku Balaka mu Novembala 2019, ndi pa sukulu ya Katolika ya Mpiri ku Machinga mu 2020. Katundu adaonongeka, sukulu zidatsekedwa, ndipo amene adataya maphunziro adali ana. Mkanganowu udatha pamene atsogoleri a Chikristu ndi a Chisilamu adasainirana mgwirizano mu Juni 2021 mothandizidwa ndi bungwe la Public Affairs Committee. Tikuyamika kuti adakhala pansi. Koma mutu wokanganirana udali wa mtsikana, pamene mau okweza adali a amuna. Ndi mwambo umene tidauona kuyambira masiku a mbumba za Kamuzu, ndipo zipani za lero zidautengera: amai amaitanidwa kudzavina, kudzaphika ndi kudzalulutira, koma pofika pa mfundo amauzidwa kuti akulu akukambirana.

Amene amaopa kuti kulankhula kusokoneza bata akumbukire chaka cha 1992. Dziko lino lidakhala zaka zambiri likutamandidwa kuti nla bata ndi mtendere, pamene anthu ankazunzika ku Dzeleka ndi ku Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya Aepiskopi idaŵerengedwa m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse, ikunena poyera za umphaŵi, za malipiro ochepa a antchito ndi za kumanga anthu chifukwa cha maganizo ao. Boma lidati kalatayo njoukira. Koma chaka chomwecho Akristu a mipingo yosiyanasiyana ndi Asilamu adakhala pa mpando umodzi m'bungwe la Public Affairs Committee, ndipo pa 14 Juni 1993 Amalaŵi adasankha ndale za zipani zambiri popanda nkhondo. Tsiku la 8 Malichi ndilonso tsiku lokumbukira amai pa dziko lonse lapansi. Ngati kudali koyenera kuti Aepiskopi aswe chete pamaso pa boma, nanga kulakwa kuli pati mai wothyola tiyi akaswa chete pamaso pa kapitao?

Amai adayamba kale

Ku Liberia, dziko limene lidasakazidwa ndi nkhondo ya pachiŵeniŵeni kwa zaka 14, amai achikristu ndi achisilamu adagwirizana mu 2003 motsogozedwa ndi Leymah Gbowee. Adavala zoyera, nakhala padzuŵa ndi pamvula pafupi ndi msika wa nsomba ku Monrovia tsiku ndi tsiku, akupemphera aliyense monga mwa chipembedzo chake. Zokambirana za mtendere zitachedwa ku Accra, amaiwo adakhala pansi pa makomo a nyumba ya msonkhano, nakaniza amuna kutuluka mpaka atagwirizana. Pangano la mtendere lidasainidwa mu Ogasiti 2003, ndipo mu 2011 Gbowee adalandira mphoto ya mtendere ya Nobel. Ambiri a amai ameneŵa adali ogulitsa pa msika, osaphunzira kwambiri. Mphamvu yao idali yakuti adakana kugaŵidwa.

Mphamvu yomweyo ilipo ku Thyolo, kungoti sinapatsidwe mpando. Pitani pa maliro m'komboni iliyonse. Mudzapeza amai a Mvano, a Dorika, a Dawa ndi a bungwe la Amai Akatolika, aliyense ndi yunifolomu yake ndi nyimbo zake, koma ku mafuwa onse akuvundula mphika umodzi. Pitani ku banki mkhonde kapena ku chipereganyu cha tsiku la malipiro. Mudzaona mai wachisilamu akusunga bokosi la ndalama za Akristu, ndipo palibe wodandaula. Amai ameneŵa amasungirana ana, amabwerekana mchere, amaperekezana ku chipatala cha Malamulo kapena cha boma usiku. Ntchito imene akuluakulu amaikambira m'mahotela ndi kulandirirapo ndalama za msonkhano, amaiŵa amaigwira tsiku ndi tsiku popanda malipiro. Chimene chatsala nchakuti umodzi wa pa maliro ndi wa pa ndalama ufikenso pa mlandu. Papa Yohane Paulo Wachiŵiri adapereka uthenga wake wa tsiku la mtendere, pa 1 Januwale 1995, ku mutu wa amai ngati aphunzitsi a mtendere. Mphunzitsi wotsekedwa pakamwa angaphunzitse bwanji?

Zoti zichitike

Choyamba tikupempha magulu a amai a mipingo ndi mizikiti yozungulira esiteti iliyonse kuti asankhe amai okhwima, osunga chinsinsi, aŵiri kapena atatu ku gulu lililonse, amene adzakhala pamodzi ngati khomo loyamba logogodapo. Mai wolakwiridwa asapite yekha kwa manijala, ku polisi kapena ku chipatala. Apite ndi anzake a mayunifolomu osiyana, kuti wina asapeze mpata wonena kuti ndi nkhondo ya mpingo wakuti kapena ya mtundu wakuti. Mutu umodzi susenza denga.

Chachiŵiri tikulankhula kwa boma. Bungwe la United Nations lidagwirizana mu 2000, pa mfundo yake ya nambala 1325, kuti amai azikhala nawo pa zokambirana zonse za mtendere. Kuno kwathu lamulo la mtendere ndi umodzi la 2022 lidalamula kuti pakhale makomiti a mtendere m'maboma. Komiti ya mtendere ya ku Thyolo imene mulibe mai wodziŵa kulemera kwa dengu la tiyi idzakhala ikukambirana za dziko limene silidziŵa. Mpando wa amai usaperekedwe kwa mkazi wa bwana kapena kwa mtsogoleri wa amai a chipani yekha. Wothyola tiyi akhalepo, ndipo alankhule.

Chachitatu tikulankhula kwa eni minda ndi kwa bungwe la antchito. Malonjezo a 2017 ndi a 2021 aoneke m'munda. Amai akwezedwe pa ukapitao ndi pa ukalaliki mochuluka. Kulemba ndi kuchotsa munthu ntchito kusakhale m'manja mwa munthu mmodzi. Mai amene wadandaula asapezeke kuti dzina lake lasoŵa pa mndandanda wa nyengo yotsatira, pakuti chilango chobisika chimenechi ndicho chimatseka pakamwa amai ambiri kuposa chiopsezo chilichonse.

Chachinai tikulankhula kwa inu ankhoswe, mafumu, akuluakulu a malimana, abusa, mashehe ndi ansembe. Kugwirira ndi mlandu wa boma. Suthera pa nkhuku kapena pa mbuzi, ndipo suthera pa kugwirana chanza kuseri kwa tchalitchi. Kukhululuka kuli ndi malo ake, koma amene amakakamiza wolakwiridwa kukhululuka wolakwa asanavomere ndi asanaleke, akuthandiza wolakwayo kupeza mkazi wina. Ndipo inu abambo, mkazi wanu kapena mwana wanu akabwera akulira kuchokera ku munda, funso loyamba lisakhale lakuti, "Udavala chiyani?" kapena, "Udamusekereranji?" Manyazi nga wochita nkhanza. Mwamuna amene amathamangitsa mkazi wake chifukwa adagwiriridwa wamaliza ntchito imene kapitao adaiyamba.

Potsiriza tikulankhula kwa inu amai a m'minda ya tiyi, a Chilomwe, a Chimang'anja, a Chiyao, a Chingoni ndi a Chisena, a tchalitchi ndi a mzikiti. Amene adzakuuzani kuti mnzanu wa pa mzere ndi mdani wanu chifukwa cha chilankhulo chake kapena mpango wake, muyang'anitsitseni, pakuti kaŵirikaŵiri ndi amene amapindula inu mukagaŵikana. Chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe. Mnzanu akalakwiridwa lero, tulani madengu anu mumperekeze. Anzanu 67 adayenda ulendo wautali kuti amveke. Ana anu aakazi ayenera kudzamveka pafupi, pa bwalo la kwao ndi m'chinenero chao.